Tadumpha, Timve Mtima Wako!

Mwananga, kodi ukudziwa kuti m'thupi mwako muli kanthu kamene sikagona? Ika dzanja pachifuwa, chakumanzere pang'ono. Khala chete. Wamva? Du! Du! Du! Umenewo ndi mtima wako. Unayamba kugunda iwe usanabadwe, uli m'mimba mwa amayi. Usiku iwe uli m'tulo tofa nato, mtima umakhala uli pantchito. Ndipo si waukulu ayi. Takunga chibakera uone. Mtima wako ndi waukulu choncho basi.

Nanga ukugunda kangati pa mphindi imodzi? Tiye tiwerenge. Ika zala ziwiri pakhosi, chakumbali, pansi pa nsagwada. Usakanikize kwambiri. Umva kanthu kakuti tu, tu, tu. Pempha achimwene kapena achemwali akuyang'anire nthawi pa wotchi kapena pa foni. Akati "yamba", werenga mpaka mphindi ithe. Ana ambiri a msinkhu wako amapeza nambala ya pakati pa 70 ndi 110. Lemba yako m'kope. Tsopano imirira. Dumpha ka 50, osapuma. Werenganso. Yakwera, eti?

N'chifukwa chiyani mtima wathamanga chonchi? Miyendo yako ndi imene yaupempha. Ukamadumpha, minofu ya m'miyendo imagwira ntchito yaikulu. Imafuna mpweya wambiri. Imafunanso chakudya chambiri. Zonsezi zimafika kumeneko ndi magazi. Ndiye mtima umapopa mwachangu, mapapo nawo amakoka mpweya mwachangu. N'chifukwa chake ukupuma wefuwefu. Usaope. Khala pansi, pakatha mphindi 3 uwerengenso. Uona nambala ikutsika yokha. Palibe amene wauza mtima kuti uchepetse liwiro. Wadziwa wokha. Ine azakhali ako, zimenezi zimandidabwitsa mpaka lero.

Kodi tikamauthamangitsa chonchi, mtima sutha msanga? Ayi ndithu! Mtima ndi mnofu, ndipo mnofu ukamagwira ntchito umalimba. Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 tsiku lililonse. Talemba nambala imeneyo. Maziro ndi angati? Mtima wolimba umatumiza magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Choncho mwini wake akapumula, sufunika kugunda pafupipafupi. Akatswiri ena othamanga mitunda italiitali akakhala phee, mtima wawo umagunda ka 50 kokha pa mphindi. Ena safika n'komwe pamenepo.

Anthu anadziwa bwanji kuti kuyendayenda kumateteza mtima? Apa pali nkhani yokoma, ndipo inachitikira m'basi. Mumzinda wa London, ku England, muli mabasi ofiira osanjikizana. Anthu ena amakhala pansi. Ena amakwera masitepe kukakhala pamwamba. Kalelo basi iliyonse inkakhala ndi antchito awiri. Dalaivala ankakhala pa chiwongolero pafupifupi tsiku lonse. Kondakitala ankadula matikiti. Ankakwera pamwamba, n'kutsika, n'kukweranso, n'kutsikanso. Pa tsiku ankaponda masitepe oposa 500. Tawerenga masitepe a pakhomo la kalasi yanu. Ungakwere kangati kuti akwane 500?

Tsono pa awiriwa, ndani ankadwala mtima kawirikawiri? Taganiza kaye usanapitirize. Ankayenda m'basi imodzi. Ankapuma mpweya umodzi. Ankakhala mumzinda umodzi. Dokotala wina dzina lake Jerry Morris anafuna kudziwa yankho. Kuyambira mu 1949, iye ndi anzake anatsata umoyo wa antchito otere oposa 30,000. Mu 1953 anauza dziko zimene anapeza. Madalaivala ndi amene ankadwala mtima kwambiri, ndipo matendawo ankawagwira mwamphamvu kuposa makondakitala. Dokotalayo anayang'ananso antchito a kupositi ofesi. Amene ankayenda pansi kapena panjinga kukapereka makalata anali ndi mitima yabwino kuposa anzawo okhala pampando mu ofesi.

Koma mwina madalaivala ankadwala chifukwa anali onenepa? Funso labwino limenelo! Akuluakulu enanso anafunsa chomwecho. Ukudziwa zimene dokotalayo anachita? Anakafufuza kukula kwa mathalauzi a yunifolomu a antchitowo. Inde, mathalauzi! Anaonadi kuti madalaivala ambiri anali ndi chiuno chachikulu. Koma anapezanso chinthu china. Kondakitala, kaya wonenepa kaya wowonda, mtima wake unali wotetezeka kuposa wa dalaivala. Masitepe aja sankasankha. Ankathandiza onse. Dokotalayo naye anamvera zimene anapeza. Ankasambira ndi kulimbitsa thupi mpaka ukalamba. Anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Nanga chingachitike n'chiyani miyendo itasiyiratu kunyamula thupi? Kuti tione zimenezi, tikwere m'mwamba. Tseka maso pang'ono. Uli m'nyumba yaikulu yoyandama mumlengalenga, yotchedwa International Space Station. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano. Mtunda umenewo ukuposa wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, koma wopita m'mwamba. Nyumbayo imazungulira dziko pafupifupi ka 16 pa tsiku. M'katimo palibe chimene chimagwa. Ukataya supuni, imangoyandama. Madzi amasanduka timipira. Iwenso ukuyandama. Ukakankha khoma ndi chala chimodzi, wafika kuchipinda china. Kukoma kwake!

Ndiye anthu a kumeneko amangosangalala osatopa? Apa ndiye pali chodabwitsa. Miyendo yawo ilibe katundu woti inyamule. Thupi likaona choncho, limayamba kuchepetsa minofu. Mafupa nawo amayamba kufooka mwezi ndi mwezi. Choncho anthuwa amalimbitsa thupi pafupifupi maola 2 tsiku lililonse. Ali ndi makina othamangirapo, koma amayamba adzimangirira ndi malamba kuti asauluke. Ali ndi njinga yopanda matayala imene amapalasa pamalo amodzi. Ngakhale atero, ena akabwerera pansi pano amalephera kuima bwino. Amachita kuwanyamula pampando. Iwe uli ndi mwayi. Ukangoimirira, dziko limakukokera pansi, ndipo miyendo yako imayamba kulimba kwaulere.

Kodi mafupa ali ndi moyo? Eya! Ambiri amaganiza kuti fupa ndi chinthu chouma. Koma fupa limakula, limadya, likathyoka limalumikizana lokha. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Fupa limakonda kugwedezeka. Ukadumpha n'kutera pansi, limamva kulemera kwako, ndipo pang'ono ndi pang'ono limadzilimbitsa. Nthawi yabwino koposa yomanga mafupa ndi ino, uli mwana ndiponso ukamakula kukhala mnyamata kapena mtsikana. Ndiye phada si masewera chabe. Jingo nayenso. Ukamadumpha chingwe anzako akuimba, mafupa amene udzayendere uli agogo ndi amene akumangidwa. Lero tawerenga kuti ungadumphe kangati osakodwa. Sabata yamawa uwerengenso.

Nanga ukakhala pansi nthawi yaitali, m'miyendo mumachitika chiyani? Magazi a kumapazi amayenera kukwera kubwerera kumtima. Ndi chitunda chimenecho! Amene amawathandiza kukwera ndi akatumba a kumbuyo kwa miyendo. Ukamayenda, akatumbawo amafinya mitsempha, magazi n'kumakwera. Tayesa izi. Imirira, gwira khoma, unyanyamphire ka 20. Kenako gwira kumbuyo kwa mwendo. Kwalimba, kwatentha. Koma ukakhala maola ambiri osagwedezeka, akatumbawo amangogona. Magazi amayenda mwaulesi. N'chifukwa chake anthu ena akayenda ulendo wautali pa basi, mapazi amatupa, nsapato n'kuyamba kuthina.

Ndiye kukhala pansi n'koipa? Ayi, mwananga. M'kalasi timakhala pansi. Powerenga buku timakhala pansi. Bawo nayo simusewera mukuthamanga. Vuto ndi kukhalitsa. Ndipo pali zinthu ziwiri zodziwa kugwira munthu pampando, TV ndi foni. Katuni imodzi ikatha, ina yayamba. Umati "kamodzi kokha", kenako dzuwa lalowa. Loweruka likubwerali uchite kafukufuku wako. Nthawi iliyonse ukakhala pa TV kapena pa foni, lemba nthawi yoyambira ndi yomalizira. Madzulo uphatikize. Kenako uyerekeze ndi nthawi imene unali panja. Yapambana ndi iti? Ndipo TV ikamaonetsa zotsatsa malonda, imeneyo ndi nthawi yako yodzuka. Dumpha, vina, kamwe madzi.

Nanga kamng'ono kako kaja kamene kamalira kakaona foni? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapereka malangizo mu 2019. Khanda ndi mwana wa chaka chimodzi asamaikidwe pa TV kapena pa foni. Wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, ndipo kuchepetsa n'kwabwino koposa. Ana aang'ono amaphunzira pokwawa, pogwira zinthu, pogwa ndi kudzukanso. Iwe ndiwe mphunzitsi wake wamkulu. Mugubuduzire mpira. Bisala kuseri kwa chitseko akufune.

Tsono iwe uyenera kuthamangathamanga nthawi yaitali bwanji pa tsiku? Bungwe lomwelo limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zimenezi mphindi 60 pa tsiku. Likumveka lalitali ola limenelo? Sufunika kulimaliza nthawi imodzi. Tiye tiphatikize. Kuyenda mwachangu popita kusukulu, mphindi 15. Chipako pa nthawi yopuma, mphindi 15. Kubwerera kunyumba, 15 zina. Fulaye kapena mpira madzulo, 15. Zakwana zingati? Ana ambiri a kumudzi amapitirira pamenepo osadziwa n'komwe. Koma amene amapita kusukulu pa galimoto, n'kubwerera kunyumba ya mpanda, ayenera kulisakasaka ola limeneli.

Ungadziwe bwanji kuti thupi lagwiradi ntchito? Pali njira yosangalatsa. Yamba kuyenda mwachangu ukuimba nyimbo imene umaikonda. Ngati ukuimba bwinobwino, onjezera liwiro. Ifika nthawi imene ungathe kulankhula koma kuimba kukukanika. Pamenepo ndiye pabwino. Ukathamanga kwambiri, ngakhale kulankhula kumavuta. Umangotulutsa mawu awiri kapena atatu n'kupuma. Zimenezonso n'zabwino masiku ena pa sabata.

Nanga thukuta ndi la chiyani? Nyowetsa kumbuyo kwa dzanja, kenako uuzirepo. Kwazizira! Madzi akamauma pakhungu amachotsa kutentha. Thukuta limachita zomwezo. Koma madzi amene atuluka ayenera kubwerera, ndiye ukamaliza kusewera umwe madzi abwino. M'mwezi wa Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, sewerani m'mawa, madzulo kapena pamthunzi.

Kodi ntchito za pakhomo zimawerengedwa? Kwambiri! Kusesa pabwalo, kukolopa, kuthirira mbewu kudimba, kupopa mjigo, kusinja, zonsezi zimathamangitsa mtima. Thupi silidziwa kuti uku n'kusewera, uku n'kugwira ntchito. Koma apa azakhali akweze mawu pang'ono, akuluakulu amve. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Katundu ameneyo si wa khosi la mwana wamng'ono. Kandowa kakang'ono maulendo awiri n'kabwino kuposa chindowa ulendo umodzi. Ndipo ntchito isadye nthawi yonse. Mwana amafunikanso kusewera, mtsikana chimodzimodzi mnyamata.

Ukufunika nsapato zodula ndi mpira wa kusitolo? Ayi. Mapepala apulasitiki ndi chingwe zakwana kupanga mpira wachikulunga. Khala lakwana kujambula phada. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anakulira ku Rumphi, ndipo mpira anauyambira komweko. Tabitha anakasewera m'matimu akuluakulu ku Italy ndi ku France. Temwa, mu 2024, anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America, kuposa wina aliyense, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa. Wina akadzakuuza kuti mpira si wa atsikana, umufunse ngati anamvapo za awiriwa.

Mphamvu zothamangira zimachokera kuti? M'mbale! Nsima, mbatata, chinangwa, mpunga, nyemba, usipa, zonsezi thupi limazisandutsa mphamvu. Zina limagwiritsa ntchito pomwepo. Zina limamangira mafupa ndi minofu kuti ukule. Nanga zotsala? Thupi silitaya. Limazisunga ngati mafuta, monga mmene banja limasungira chimanga m'nkhokwe. Nkhokwe ndi yabwino. Ukadwala malungo n'kulephera kudya, thupi limatapa mmenemo. Koma mukamangothira tsiku ndi tsiku osatapamo, nkhokwe imalemedwa. Mafuta akachuluka kwambiri m'thupi, mawondo amavutika, mtima umavutika. Munthu akakula akhoza kudwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Anthu ena amati kunenepa kwambiri ndi chizindikiro chakuti pakhomo pali ndalama. Mtima suwerenga ndalama, umangomva kulemera.

Kodi shuga amabisala kuti? Tiye timugwire. Tenga kapu yopanda kanthu ndi supuni yaing'ono ya tiyi. Pempha kaye amayi, ndipo ukamaliza ubweze shugayo. Thira supuni imodzi. Thiranso. Pitiriza mpaka 8. Tayang'ana mulu umenewo! Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga wochuluka pafupifupi choncho. Ungathire masupuni 8 mu tiyi wako amayi akuona? Chovuta n'chakuti shuga wakumwa sakhutitsa. Umamwa, njala ili pomwepo. Sindikuti usadzalawenso. Pa ukwati kapena pa Khirisimasi imwa, usangalale. Maswiti, mabisiketi, mandasi ndi tchipisi cha pachiwaya n'chimodzimodzi, n'zapakanthawi. Koma tsiku wamba, ludzu limafuna madzi. Pakamwa pakafuna zotsekemera, pali mango, nthochi, magwafa, mapapaya ndi masuku pa nyengo yake.

Ndiye mwana azidzimana chakudya kuti awonde? Ayi! Ayi ndithu! Tamvetsera bwino apa. Iwe ukukula. Ubongo wako ukukula. Ukadumpha chakudya, m'kalasi umasinza, pabwalo umafooka. Kwathu kuno ana ambiri vuto lawo si kudya kwambiri, koma kusowa zakudya zokwanira ndi zakasinthasintha. Kumbukira magulu 6 a zakudya amene munaphunzira kusukulu. Pali zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta. Usiku uno tayang'ana m'mbale. Wapeza magulu angati? Idya pang'onopang'ono, ndipo mimba ikati yakhuta, imvere. Ukamadya maso ali pa TV, mawu a mimba suwamva.

Nanga bwanji anzako ena ndi onenepa, ena owonda, koma mumadya zofanana? Matupi amasiyana. Zina timatengera kwa makolo, monga mmene timatengera kutalika. Ndipo mwana akamayandikira kutha msinkhu, thupi limasintha, nthawi zina limayamba ladzaza kenako n'kutalika. Woyenera kunena ngati kulemera kwa mwana kuli bwino ndi a zaumoyo. Iwo amayeza kulemera, kutalika ndi zaka pamodzi, monga amachitira ndi makanda kusikelo. Si ntchito ya anzako a m'kalasi. Ndipo mayina onyoza amene ana onenepa amapatsidwa, ine sindigwirizana nawo mpang'ono pomwe. Mwana amene amasekedwa akathamanga amasiya kuthamanga. Amakakhala yekha pakona. Mukamagawana matimu mawa, iwe uyambe kusankha amene anthu amamusiya kumapeto.

Kodi akuluakulu nawo ayenera kusewera? Eya, ngakhale amachita manyazi. Iwo amafunika mphindi zosachepera 150 pa sabata. Tagawa 150 ndi masiku 5. Wapeza 30, si choncho? Amayi kapena abambo amene amalima, kupalasa kabaza kapena kuyenda ndi malonda pamutu, amakwanitsa kale. Koma taganizira amene amakhala tsiku lonse mu ofesi, pa makina osokera, m'kagolosale kapena pa chiwongolero cha minibasi. Amabwera atatopa, koma miyendo sinayende. M'nyumba mukafuna kusintha kadyedwe ndi kayendedwe, zimayenda bwino mukachitira limodzi. Si bwino kuloza munthu mmodzi kuti ndiye wonenepa, ena onse akumwa zotsekemera iye akuona.

Ungawaitane bwanji mwaulemu? Osawauza kuti akhalitsa, iyayi. Uwapemphe kuti akuphunzitse. "Ababa, kodi munkasewera nambala chani pa mpira? Tandionetsani mmene munkamenyera." "Amayi, akuti munali katswiri wa fulaye, n'zoona?" "Agogo, chimtali munkavina bwanji?" Uona okha adzuka, chitenje chamangidwa m'chiuno. Lamulungu popita kutchalitchi, kapena Lachisanu popita kumzikiti, ngati si kutali, pemphani kuyenda pansi nonse. Mvula ikagwa, sunthani mipando, tsegulani wailesi, muvine m'nyumba momwemo.

Pomaliza chakudya chamadzulo ano, ndani m'banja mwanu angaime nthawi yaitali ndi mwendo umodzi? Itanani onse pabwalo. Agogo aime pafupi ndi khoma kuti agwire akafuna, chifukwa masewera amenewa amawathandiza kuti asamagwe. Kamng'ono kako kakhale kowerenga mokweza. Yambani ndi mwendo wamanja, kenako wamanzere. Lemba nambala ya aliyense. Mukatha, ana ndi makolo okha muyesenso mutatsinzina. Pamenepo ndiye museka, chifukwa ngakhale achimwene odzitama aja akhoza kuyamba kudzandira kuwerenga kusanafike pa 10.